Madzi otsala pa mkaka: kodi ku Chipangali tingatchezemo ethanol?

Mkaka wokamidwa m'mawa ku Chipangali m'mwezi wa Okutobala suchedwa kutembenuka. Ukakhala m'chigubu tsiku limodzi kapena awiri umagawika pawiri: zolimba zoyera zija timadyera nsima, ndi madzi achikasu, owawasa, amene amalekana nazo. Zolimbazo aliyense akudziwa ntchito yake. Madziwo ndiwo alibe mwini. Ena amamwa, ena amapatsa galu, ambiri amangokhuthula kuseri kwa khola. Komatu shuga wambiri wa mumkaka amatsalira m'madzi omwewo, ndipo kumayiko ena kuli mafakitale athunthu amene ntchito yawo ndi kudyetsa shugayo kwa yisiti kuti apeze zinthu ziwiri: ethanol, spirit yemwe uja woledzeretsa wa mu mowa, ndi enzayimu yotchedwa lactase.

Kodi zoterezi zingatheke kuno? Funsoli si lachibwana. Chipangali inakhala boma payokha m'chaka cha 2018 itapatulidwa ku Chipata pamodzi ndi Kasenengwa, ndipo kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, magulu a alimi, a amayi ndi a achinyamata akhala akusakasaka ntchito zoti alembe pa mafomu. Munthu akamva kuti kwina amatcheza spirit kuchokera ku madzi otaya, mtima umadumpha, poti zaulere zasanduka ndalama. Tisanadumphe nawo, nkhaniyi tiiyale yonse pamphasa.

Mkaka wa ng'ombe uli ndi shuga wakewake, wotchedwa lactose, pafupifupi magalamu 47 pa lita. Satsekemera ngati wa nzimbe, n'chifukwa chake ambiri sadziwa kuti alimo. Kachidutswa kalikonse ka shugayu ndi tishuga tiwiri tomangana, glucose ndi galactose, ndipo palibe chamoyo, munthu kaya kachilombo, chimene chingapezemo mphamvu chisanamasule mfundo yomangayo. Womasula mfundoyo ndiye lactase. Enzayimu si chinthu chachilendo m'mudzi ayi. Amayi ofulula mowa amagwira nazo ntchito chaka ndi chaka, pakuti chimene chimatsekemeretsa phala la thobwa akathiramo chimera ndi ma enzayimu a m'chimeramo, amene amaphwanya ufa kukhala shuga. Enzayimu iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. Ya m'chimera singakhudze shuga wa mumkaka, ndipo lactase sangachite kanthu pa ufa.

Kumene anthu amapanga tchizi chambiri, madzi otsalawa, amene m'mafakitale amawatcha whey, ndi mutu waukulu. Malita 10 a mkaka amatulutsa tchizi pafupifupi kilo imodzi, ndipo malita 9 amatsala ngati madzi. M'lita iliyonse ya madziwo muli magalamu a shuga pafupifupi 45, mapuloteni pang'ono, ndi mchere wa mumkaka. Ukawathira mumtsinje, mabakiteriya amakondwera ndi shugayo n'kumaliza mpweya wonse wa m'madzi, nsomba n'kufa. Pa kuononga kwa mtundu umenewu, lita imodzi ya whey imaposa lita ya madzi a m'zimbudzi za m'tauni nthawi pafupifupi 100. Tisaiwale mfundo iyi, chifukwa ndiyo inabala nzeru yonse ya ethanol wa mumkaka: eni mafakitale sankafuna mowa, ankafuna pothawira chindapusa cha boma ndi mkwiyo wa anthu a kumunsi kwa mtsinje.

Chovuta choyamba chinali yisiti. Yisiti amene timagula m'timapaketi kuti tifufumitse mabanzi ndi zitumbuwa za tirigu, yemwenso amawiritsa mowa wa m'mabotolo, dzina lake la sayansi ndi Saccharomyces cerevisiae. Ameneyu shuga wa nzimbe amamudya mwadyera, koma ukamuika m'madzi a mkaka amagona ndi njala pakati pa chakudya. Alibe khomo lolowetsera lactose m'thupi mwake, alibenso lactase womasulira. Amene ali nazo zonse ziwiri ndi abale ake a mtundu wa Kluyveromyces, makamaka Kluyveromyces lactis ndi Kluyveromyces marxianus. Mtunduwu anaupatsa dzina m'chaka cha 1956 ndi Johannes van der Walt wa ku South Africa, polemekeza Albert Jan Kluyver, katswiri wa tizilombo tosaoneka ndi maso wa ku Delft m'dziko la Netherlands, amene anamwalira chaka chomwecho. Koma anthu anayamba kugwira ntchito ndi yisiti woteroyo kalekale asanamudziwe dzina. Ku Mongolia ndi m'madambo aakulu a pakati pa Asia amawiritsa mkaka wa akavalo kukhala chakumwa choledzeretsa pang'ono, airag kapena kumis, ndipo mkaka wa ng'ombe wowiritsa amautcheza ndithu kukhala spirit. Kefir wa kumapiri a Caucasus ndi wa banja lomwelo.

Marxianus ali ndi khalidwe limene lingatikope ife a kotentha. Yisiti wa buledi amayamba kufooka kutentha kukapitirira madigiri 35, pamene uyu amakulabe pa madigiri 45, ndipo amaswana msanga kuposa pafupifupi yisiti wina aliyense. Thanki yowiritsiramo imadzitentha yokha, choncho yisiti wopirira kutentha amachepetsa ndalama zoziziritsira. Kufooka kwake n'kwakuti ethanol akachuluka m'thankimo amagonja msanga kuposa wa buledi uja.

Fakitale yotchuka pa ntchitoyi ndi ya Carbery ku Ballineen, m'dera la Cork ku Ireland, imene inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku whey m'chaka cha 1978. Lero eni ake ndi makoparetivu anayi a alimi a ng'ombe. New Zealand inatengera njirayo cha m'ma 1980 n'kumanga mafakitale ku Reporoa, Tirau ndi Edgecumbe, ndipo pofika 2007 kampani ya Gull inkasakaniza ethanol wa mumkakayo ndi petulo wa magalimoto. Kachitidwe kake n'komveka. Choyamba amasefa madziwo pa nsalu za makina zokhala ndi timabowo tosaoneka, zimene zimagwira mapuloteni n'kulola shuga ndi madzi kudutsa. Mapuloteniwo amawaumitsa, ndipo ndiwo ufa wodula uja amagula anyamata onyamula zitsulo, womwenso umalowa mu mkaka wa makanda wa m'zitini. Ndalama zenizeni zili pamenepo. Zotsalazo, madzi a shuga okhaokha, amaziziziritsa, kuthiramo yisiti, kusiya ziwire kwa tsiku limodzi kapena kuchepera, kenako amapatula yisitiyo kuti akagwirenso ntchito, madzi n'kupita kotchezera. Ethanol amabwera kumapeto kwa mzere, ngati njira yopezera kangachepe pa chinthu chimene akanalipira kuti achitaye.

Tsopano tiwerengere, pakuti nkhaniyi imagona pa masamu. Magalamu 342 a lactose, yisiti akawadya onse osataya kalikonse, amabala magalamu 184 a ethanol, zotsalazo n'kuuluka ngati mpweya wa thovu lija. Ndiye kuti kilo imodzi ya shugayu singapitirire magalamu 538 a ethanol, ngakhale utapemphera chotani. Malita 100 a whey ali ndi makilo anayi ndi theka a shuga. Pa pepala amenewo ndi malita atatu a ethanol. M'thanki yeniyeni, poti yisiti amadyako kuti akule ndipo mabakiteriya amabako, ndi malita awiri ndi theka. Dramu lodzaza la malita 200 likupatsani malita asanu. Ndipo awa ndi madzi a tchizi, amene sanasase. Madzi a chambiko ndi osauka kuposa apa, chifukwa gawo la shuga wake linasanduka kale asidi wowawasa uja.

Nanga dramu limenelo lidzaze bwanji? Ng'ombe zathu zambiri kuno ndi za mtundu wa Angoni, zalinunda, zolimba pa goli ndi pa ngolo, zopirira chilimwe, koma zosakamika kwambiri. Nthawi ya dzinja msipu uli bwino, mlimi amakama lita imodzi, awiri, mwina atatu, thole litayamwako; chilimwe chikafika ambiri amaleka kukama. Kuti mupeze dramu limodzi la whey tsiku lililonse mukufunika malita oposa 200 a mkaka, ndiye kuti ng'ombe zokamidwa zoposa 100, zobalalika m'midzi ya kwa Chanje, kwa Kapatamoyo, kwa Mnukwa ndi kwina, mkaka wake n'kuutolera panjinga usanasase. Zonsezo kuti mutcheze malita asanu. Mkaka womwewo mutaugulitsa wosaphika m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi, kapena ngati chambiko mumsika wa Kapata ku Chipata, simungayerekeze n'komwe ndalama zake.

Pali ndi moto. Amayi otcheza kachasu amadziwa bwino kuti nkhuni ndizo zimadya phindu, ndiponso kuti mphika wosapsa bwino umatha nkhuni osatulutsa mutu wamphamvu. Madzi a mkaka owira ali ndi ethanol wosafika 3 peresenti, ndiye kuti mukuwiritsa madzi ochuluka zedi kuti mufinyemo kadontho. Kungotenthetsa malita 100 kufikira pafupi kuwira kumadya theka la mphamvu yonse imene ili mu ethanol amene atulukemo, nthunzi isanayambe n'komwe kukwera m'paipi. Pamafuwa, pamene moto wambiri umathawira m'mbali, mwawotcha nkhuni zamphamvu yoposa mafuta amene mwapanga. M'dera limene mitengo yatha kale ndi zigafa za fodya ndi makala, imeneyo si ntchito yoilimbikitsa. Mafakitale aakulu amazemba vutoli pochotsa madzi ndi makina osefa asanawiritse, ndi pogwiritsanso ntchito nthunzi yomweyo kawiri katatu. Makina amenewo amafuna magetsi osadukiza, ndipo tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lathunthu.

Kuti tione kumene ethanol amapindulitsa m'dera lathu lino, sitifunika kupita kutali. Kungodutsa pa Mwami kulowa Mchinji, petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa. Ya PressCane ku Chikwawa inabwera mu 2004. Zonsezi zimatcheza molasesi, madzi akuda onata otsala popanga shuga wa nzimbe. Pafupifupi theka la kulemera kwa molasesi ndi shuga, ndipo tani imodzi imatulutsa malita a ethanol pafupifupi 250. Tani ya whey imatulutsa 25. Molasesi amasungika miyezi osaonongeka, whey amasasa tsiku lomwelo. Zambia nayo ili ndi molasesi wake ku Nakambala, ku Mazabuka. Aliyense wofuna kugulitsa spirit wa mumkaka ngati mafuta kapena wopukutira mabala adzakumana ndi mtengo wa amenewa pamsika, ndipo sadzapikisana nawo.

Amene apindula ndi kutcheza mkaka pang'onopang'ono, monga opanga vodka ya Black Cow ku Dorset ku England, amagulitsa nkhani osati ethanol: botolo lokongola, mtengo wokwera, ogula a ndalama amene akufuna kulawa chachilendo. Kuno msika wa mowa waukali ndi wa wotsika mtengo, ndipo mavuto ake tikuwadziwa. Boma linaletsa tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali, mu 2012 litaona ana asukulu ndi madalaivala akugwa nato. Kutcheza mwalamulo kumafuna laisensi ndi msonkho wa ZRA. Sindikuona chifukwa choti gulu la alimi litenge chakudya cha ana n'kuchisandutsa kachasu wina, ngati kuti amene alipo kale sakukwana.

Mbali ya enzayimu ndiyo ili ndi nkhani yokhudza mimba zathu. Khanda lililonse limabadwa ndi lactase wokwanira m'matumbo, ndipo liyenera kutero, poti mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wochuluka kuposa wa ng'ombe, magalamu pafupifupi 70 pa lita. Mwana akasiya kuyamwa, mwa anthu ambiri lactase amayamba kuchepa. Akuluakulu awiri mwa atatu alionse padziko lapansi ali choncho, kotero si matenda, ndi mmene anthu ambiri analengedwera. Shuga wosagayidwayo amatsikira m'matumbo aakulu, mabakiteriya n'kumuwiritsa momwemo: mimba kulira, kufufuma, mphepo, mwina kutsekula. Dokotala Gordon Cook, amene anayamba kufufuza zimenezi ku Uganda m'ma 1960 n'kudzaphunzitsa za udokotala ku Lusaka kumayambiriro kwa ma 1970, anapeza kuti akuluakulu ambiri a m'Zambia amene anawayeza anali ndi lactase wochepa. Mu 2007 Sarah Tishkoff ndi anzake anaonetsa kuti mitundu ina ya abusa ku Tanzania, Kenya ndi Sudan ili ndi kusintha kwakekwake kwa majini kumene kumasunga lactase mpaka ukalamba, kosiyana ndi kwa azungu a kumpoto kwa Ulaya. Mwa ife alimi a makasu kusintha kumeneku n'kosowa. Paja pali madala ambiri amene amati mkaka wosaphika “sugwirizana nane” koma chambiko amadya mbale yodzaza.

Lactase wa m'mafakitale ndiye amapangitsa mkaka uja wolembedwa kuti mulibe lactose, umene kampani ya Valio ya ku Finland inautchukitsa kuyambira 2001. Amathira madontho ochepa pa lita, mkaka uli wozizira, n'kuusiya usiku. M'mawa shuga uja wamasuka, ndipo mkakawo umatsekemera kuposa kale ngakhale sanathiremo kanthu, chifukwa glucose ndi galactose payekhapayekha ndi otsekemera kuposa ali omangana. Lactase wa yisiti amakonda mkaka wosasasa. Wa m'mapilisi amene anthu amameza asanamwe mkaka amachokera ku nkhungu za mtundu wa Aspergillus, poti ameneyo amapirira asidi wa m'mimba.

Pamapepala a ofufuza mumapezeka kawirikawiri ganizo lokoma lakuti thanki imodzi itulutse zonse ziwiri: yisiti adye shuga, titcheze ethanol, kenako yisiti yemweyo timuphwanye tichotsemo lactase. Zimatheka, ndipo ethanol yemweyo angagwiritsidwe ntchito kuboola khungu la yisiti kuti enzayimu ifikirike. Koma zinthu ziwirizi zimakokerana kosiyana. Ukafuna lactase wambiri uyenera kupopera mpweya m'thanki kuti yisiti aswane, ndipo akapeza mpweya, Kluyveromyces amatentha shuga yense n'kupanga ethanol wochepa. Ukafuna ethanol umamumana mpweya, ndipo saswana. Lactase wake amakhala m'kati mwa thupi, satulukira kunja, choncho pamafunika makina ophwanya tizilombo tating'onoting'onoto, osefa, oyeretsa kufikira poyenera kulowa m'chakudya cha anthu, ndi firiji yosazima. Poti madontho ochepa amakwanira lita yathunthu, fakitale imodzi imakwaniritsa mayiko ambiri, ndipo msika uli m'manja mwa makampani owerengeka, monga dsm-firmenich ndi Novonesis ya ku Denmark. Ngakhale fakitale ya mkaka ya ku Lusaka itafuna lactase, kugula kabotolo kuchokera kunja n'kotsika mtengo kuposa kumanga popangira. Chodabwitsa china n'chakuti Kluyveromyces lactis yemweyo, atamusintha majini, amapanganso enzayimu yogwiranitsa mkaka popanga tchizi, imene kale ankaichotsa m'mimba mwa mathole. Yisiti mmodzi, kuyambitsa whey ndi iye, kudzamudya ndi iyenso.

Tikabwera kumudzi, vuto limene lactase amathetsa makolo analipeza njira yake kalekale. Angoni amene anaoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, ena mwa iwo n'kudzakhazikika kuno pansi pa Mpezeni, anali anthu a mkaka wosasa, osati wa m'kapu. Mabakiteriya osasitsa amadya gawo la shuga uja, mwina limodzi mwa magawo anayi. Kukhetsa madzi kumachotsa wina wambiri. Chotsalacho n'cholimba, chimayenda pang'onopang'ono m'mimba, makamaka chikadyedwa ndi nsima, ndipo lactase wochepa amene munthu ali naye amapeza nthawi yogwira ntchito. Ndiponso ambiri amene mkaka umawavuta amatha kumwa kapu imodzi pa chakudya popanda chovuta. Chimene chinasowetsa mkaka m'midzi yathu si lactase ayi. Ndi ng'ombe zikwizikwi zimene zinalandidwa pa nkhondo ya 1898, ndi chigodola chimene nkhupakupa zimafalitsa n'kupha mathole chaka ndi chaka, ndi msipu wouma wa chilimwe. Katemera wa chigodola amene amagwiritsidwa ntchito m'chigawo chino anachokera ku tizilombo totengedwa ku Katete konkuno, ndipo kwacha imene yapita pa katemerayo ndi pa dibi imabweza mkaka wambiri kuposa imene yapita pa thanki yowiritsira. Chenjezo limodzi lokha pa chambiko: kusasa sikupha tizilombo tonse ta TB ya ng'ombe ndi ta brucellosis, choncho mkaka uyambe waphitsidwa, uzizire, kenako muthiremo chambiko chadzulo. Ndipo mayi woyamwitsa asamve nkhani ya lactose n'kuchotsa mwana kubere, ngakhale mwanayo akutsekula m'mimba.

Nanga madzi aja tizitani nawo? Malita asanu kapena khumi amene khomo limodzi kapena kagulu kangapeze ali ndi ntchito zoposa ethanol. Ndi chakudya cha munthu: mapuloteni ake ndi abwino zedi, ndipo angalowe m'phala la ana m'malo mwa madzi wamba, kapena pokanda ufa wa mabanzi. Akachuluka, nkhumba zilipo. Chigawo cha Kum'mawa chimadziwika ndi nkhumba, ndipo gaga wonyowetsedwa ndi whey amanenepetsa kuposa wonyowetsedwa ndi madzi a pachitsime. Ku Parma m'dziko la Italy, nkhumba za nyama yodula kwambiri zakhala zikuleredwa ndi madzi otsala pa tchizi cha Parmigiano kwa zaka mazanamazana, ndipo kumeneko palibe amene amakuona ngati kutaya. Fakitale ya tchizi itadzabwera ku Chipata n'kumatsala ndi malita zikwi zingapo patsiku, chotsatira pa nkhumba chingakhale dzenje la biogas, limene limadya whey pamodzi ndi ndowe n'kupereka gasi wophitsira mkaka, popanda kutcheza kulikonse. Ethanol amayamba kuwerengeka fakitale ikafika pa malita mazana a zikwi patsiku, monga ku Ballineen.

Pali kantchito kamodzi m'nkhaniyi kamene ndingakonde kuona ophunzira athu akuchita. Ofufuza a ku University of Zambia pamodzi ndi a ku Wageningen m'dziko la Netherlands, mmodzi wa iwo Himoonga Moonga, afufuza mozama mabisi, mkaka wosasa wa m'Zambia, n'kuonetsa kuti kapangidwe kake kamasiyana dera ndi dera, tizilombo take n'kusiyananso. Zikho ndi zigubu za ku Chipangali zili ndi tizilombo takenso, tozolowera kutentha kwa kuno, ndipo yisiti wodya lactose amapezeka kawirikawiri mu mkaka wosasa wa mu Africa. Kumupatula sikufuna makina odula: mbale za galasi, chakudya cha tizilombo chimene shuga wake ndi lactose yekha, ndi kabati yotentha madigiri 45. Yisiti wopirira kutentha wopezeka motero angathandize kuti chambiko cha gulu chizituluka chofanana tsiku lililonse, ndipo otcheza molasesi ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amawononga ndalama poziziritsa mathanki, angafune kumuyesa.